Dokotala Akathamanga pa Bangula

Lolemba

Ndili kwathu. Ndafika dzulo pa minibasi. Thukuta linayambira pa Thabwa ndipo silinasiye mpaka pano. Okutobala wa kuchigwa alibe chibale.

Nkhani ndi iyi: Lolemba likubwerali ndikuyembekezeka kukampu ya asilikali. Akufuna madokotala. Mapepala anga anawalandira, koma pepala silithamanga. Akuti tikathamanga kaye, tikachita mapushapu, atipime thupi, ndiye pambuyo pake atifunse za udokotalawo. Zaka zonse zija za kukoleji, ndi intenishipu pamwamba, ndinathamangapo tsiku limodzi lokha, pothamangira basi ya sukulu. Inandisiya.

Choncho sabata ino ndi yokonzekera. Ku Blantyre kuli zitunda ndi agalu. Kuno n'kwathyathyathya ngati thebulo. Nzeru!

Dongosolo:
- kudzuka nkhuku zisanatsike
- kuthamanga mpaka kunjanji n'kubwerera
- mapushapu
- kudya pang'ono
- kusapima munthu aliyense. Ndili patchuthi, ngati munthu wopanda ntchito amakhala patchuthi.

Ndawauza Amayi. Anali kusanja milamba yowamba m'dengu lawo la kumsika. Ati, "Pyadidi," osadzutsa mutu. Ndinawadziwa kale Amayi. Akavomera msanga chonchi, munthu uzigona ndi diso limodzi.

Ndilembe chifukwa chake, kuti ndikatopa ndizibwerera kudzawerenga. Choyamba, ntchito. Digiri ili m'sutikesi, miyezi ikupita, boma likuti dikirani. Chachiwiri ndiye chenicheni. Chaka cha madzi aakulu chija, ndili Fomu 2, tinagona pachulu ife, mbuzi, ndi anansi amene sitinkayankhulana nawo. Kutacha kunabwera boti la asilikali. Mmenemo munali mayi wovala yunifomu, chomvetsera mtima chili m'khosi. Anandigwira dzanja, anandiyang'ana m'maso, nati, "Uyu ali bwino, njala chabe." Kuyambira tsiku limenelo ndimafuna kukhala mayi ameneyo. Amayi anga tsiku lomwelo anakana kukwera boti. Anachita kuwanyamula amalume Zuze, mlongo wawo wamng'ono, iwo akuphiriphitha. Amaopa madzi.

Kuthamanga kwa lero: ndatuluka bwinobwino, nsapato zatsopano, taiti yakuda. Amayi andibweza pakhomo. "Mwana wanga sayenda mumsewu ngati wapaka utoto." Andimanga chitenje. Kuthamanga m'chitenje kuli ngati kuthamanga uli m'thumba la chimanga.

Kenako moni. Ndinaiwala za moni! Pamjigo pali amayi a kutchalitchi, sungawadutse ngati mbuzi. Waima, wapinda mawondo, "Mwacherwa tani?", wayankha za ku Blantyre, za sukulu, za chifukwa chake sunakwatiwe. Wathamanga pang'ono, apa bambo a pagolosale. Waima. Wathamanga pang'ono, apa aphunzitsi anga a Sitandade 4, akufuna kudziwa ngati ndikuwakumbukira.

Njanji sindinaione. Dzuwa landitulukira ndili pamjigo wachiwiri ndikuyang'ana zidzolo za mwana wa munthu.

Mawa sindipereka moni kwa aliyense. Msilikali sapereka moni akuthamanga.

Lachiwiri

Sindinapereke moni. Zotsatira zake ndi izi.

Ndathamanga mutu uli pansi, ngati sindikuona munthu. Podutsa pamjigo ndamva ndowa ikugwa. Wina wati, "Adokotala akuthamanga!" Wina wati, "Ndani?" Funsoli sindinalimvetse nthawi imeneyo. Pano ndalimvetsa. Pa Bangula munthu wamkulu sathamanga chabe. Amathamanga ng'ombe zikalowa m'munda, nyumba ikamapsa, madzi akamabwera. Ndipo dokotala akathamanga, ndiye kuti wina akutsirizika.

Mpweya wandithera pafupi ndi nyumba ya a Fulasisiko, mkulu wa mpingo amene wakhala akudwala chifuwa kuyambira Isitala. Ndagwira mpanda wawo, ndawerama, ndapukusa mutu. Ndimadzipukusira ndekha poona kufooka kwanga.

Kumbuyo kwanga kunali anthu. Ambiri! Ataona dokotala wawerama pampanda wa a Fulasisiko akupukusa mutu, mayi mmodzi waika manja kumutu n'kuyambitsa. Ena alandira. Maliro abwino ndithu, mpaka besi alipo.

Ndikufuna kufotokoza koma mpweya kulibe. Ndikungokweza dzanja. Akuti, "Musavutike adokotala, mwayesetsa."

A Fulasisiko atuluka m'bafa, thaulo m'chiuno, sopo kumutu. "Wamwalira ndani?"

Uthenga wa imfa uli ndi miyendo yaitali kuposa uthenga wa kuuka. Pomwe wachiwiri umaupeza woyamba, n'kuti kwafika kale:
- nkhuni
- ufa m'mabeseni
- mabenchi a kutchalitchi, pangolo
- kwaya, yosakwanira koma yokonzeka
- mkamwini wawo wogwira ntchito kuminda ya nzimbe, amene wapempha kale tchuthi cha maliro ndipo sakufuna kuchibweza.

Masana Amayi anditenga kukapepesa, nkhuku m'manja. A Fulasisiko sanakwiye. Akhala pabenchi akuyang'ana amene abwera, makamaka amene sanabwere. Ati mng'ono wawo sanaoneke ndipo nkhani imeneyo aiona bwino. Ufa sabweza. Popeza ndafika kale, andipempha ndimvere chifuwacho. Ndamvera. Ndawauza apite kuchipatala mawa lomwe, apo ayi mabenchiwa asawabweze.

Pobwerera Amayi sanandikalipire. Akuimba nyimbo chapansipansi. Ndiwo zamadzulo: mlamba wonona, tomato wambiri, mbale yodzaza, ndipo akhala pafupi mpaka nditamaliza. "Kudya pang'ono" kwafa lero, ndipo maliro amenewo palibe walira.

Lachitatu

Amalume Zuze atenga udindo wa uphunzitsi popanda wowapempha. Ndi a kabaza, amakhala pasiteji ya kumsika, ndipo akuti vuto langa si miyendo, ndi uthenga. Anthu akadziwa, sasokoneza.

Ndiye atsogola panjinga akuliza belu. "Palibe wodwala! Palibe maliro! Akungothamanga!"

Anthu: "Akuthamangiranji?"

Amalume: "Akufuna usilikali!"

Nkhani imene ndinkafuna idziwike ndikapambana, Bangula yense waidziwa phala lisanapse.

Malangizo amene ndalandira ndikuthamanga:
- ndizimwa mazira aawisi
- asilikali salemba munthu wa mapazi athyathyathya, ndivule nsapato anthu aone
- msilikali wamkazi sakwatiwa. Wina akuti amakwatiwa, koma mwamuna ndiye amatsuka mbale
- ndikalembedwa ndikumbukire mwana wa mlamu wa winawake, ndi wamtali.

Pasiteji anzawo a amalume atitchingira. Akwiya. Akuti n'zochititsa manyazi, mwana wa mlongo wa mnzawo, dokotala wathunthu, kuyenda pansi thukuta lili kamukamu pomwe njinga ili yopanda munthu patsogolo pake. Alendo aziti a kabaza a pa Bangula ndi ouma mtima. Amalume aima, aganiza, ati, "Akunena zoona. Kwera pang'ono, tikadutsa msika utsika."

Ndakwera. Sitinaime. Njanji ndaiona lero, ndili pakaliyala. Ili bwinobwino.

Mapushapu: ndayesera m'chipinda. Kutsika ndatsika bwino. Kukwera ndiye nkhani ina. Amayi alowa, andipeza chafufumimba pasimenti. "Wataya chiyani pansi pa bedi?" Ndati ndikulimbitsa manja. Ati ndipumule kaye, manja sathawa, n'kunditsamiritsa pilo. Simenti ndicho chinthu chokhacho chozizira m'Bangula muno. Ndadzuka dzuwa litapendeka.

Lachinayi

Ndadzuka nkhuku zisanatsike, monga mwa dongosolo. Ndamanga nsapato. Ndatsegula chitseko.

Pakhonde pali mzere!

Ena pamphasa, ena pamabenchi aja a maliro, amene panjira yobwerera kutchalitchi apatukira kwathu. Amayi akugawa tiyi ndi kusanja anthu ngati kalaliki wa pachipatala. Zikumveka kuti dzulo kumsonkhano wa amayi a mpingo munthu wina analengeza kuti dokotala alipo sabata ino yokha, ndipo ndi waulere. Munthuyo sakudziwika. Amayi akuti nkhani zimangouluka.

Ndati ndikathamange kaye. Bambo wokalamba wa patsogolo pa mzere wati, "Pitani mwanangu, ife tidikira, tinazolowera." Ndani angathamange atamva zimenezo? Ndavula nsapato.

Zida zanga: chomvetsera mtima, makina a bipi, tochi ya foni. Mankhwala ndilibe. Ntchito yanga yakhala kumvera, kukalipira anthu za mchere, ndi kuwatumiza kuchipatala kumene akanayambira kupita.

Ndaona:
- mawondo
- misana
- bipi, bipi, bipi
- mwana wa njere ya chimanga m'mphuno. Ndaitulutsa, anthu aomba m'manja, mwini njere waifunanso
- bambo wina wopanda vuto lililonse, amangofuna kuona dokotala amene anapha a Fulasisiko
- mbuzi. Ndakana.

Chothamanga pakhomo pano lero ndi magazi a anthu okha.

Koma ndinene zoona. Panali mayi wina wachichepere, mimba yaikulu, mapazi otupa, mutu ukumuwawa, bipi ili kumwamba. Anakhala kumapeto kwa mzere, phee, akuti sanafune kuvutitsa. Amalume Zuze amupalasa kupita kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo lero belu lagwira ntchito yake yeniyeni. Akanadikira sabata ina, sindikufuna kuganiza. Amayi andiyang'ana pamenepo, maso okha akuti: waona? Ndaona. Zandipweteka kuti ndaona. Koma khonde sililemba munthu ntchito, ndipo madzi akadzabweranso khonde limeneli lidzamira. Wofika kwa anthu adzakhala wa m'boti.

Zothokoza: mbatata, malambe, nkhunda. Amayi aphika nkhunda ndi mbatata zomwe. Chitenje chayamba kufupika m'chiuno.

Sabata ikutha ndipo sindinathamange mtunda woti ndingauze munthu. Ndikuchita mantha. Ndalemba.

Lachisanu

Nzeru yatsopano: kupita kumene sandidziwa.

Nsapato ndazipeza m'beseni, zanyikidwa m'madzi a sopo. Amayi akuti zinada. Zinadera kuti? Sizinapite kulikonse! Ndaziyanika padenga, ndavala zapulasitiki za Amayi, zija timati sofiya.

Amalume andipalasa kunjira ya ku Chiromo, kumene njanji yakale imalowa m'dambo. Ndawauza akhale pansi pa mtengo, asalize belu, asalengeze chilichonse. Akhumudwa koma avomera.

Poyamba zonse bwino. Palibe wondidziwa, palibe moni. Kamphepo, mabango, ine. Ndinayamba kudziona ndili m'yunifomu.

Kenako ndatulukira pamene amayi amachapira. Aona mkazi wachilendo akuchokera kumabango ali pa liwiro, maso ali tong'o, kukamwa kuli yasa. Sanafunse. Kumeneku safunsa. Wothamanga kuchokera kumtsinje waona ng'ona, mvuu kapena madzi, ndipo mafunso amakafunsira kumtunda. Onse adzambatuka.

Ndiye ndapeza mpikisano weniweni woyamba m'moyo wanga. Andipitirira:
- atsikana. N'zomveka
- mayi wobereka mwana, ndowa kumutu, madzi osatayika
- mayi wina wa imvi, wa ndodo, amene atandipitirira anabwerera kudzandikoka dzanja. "Limba mwanawe, ikugwira!"

Tafika kumtunda. Onse akundiyang'ana. "Mwaona chiyani?" Ndinalibe mpweya wa bodza. Ndati ndikuchita masewera olimbitsa thupi.

Kenako akumbukira zochapa zawo.

Sopo wa mayi wina wapita ndi madzi, pamodzi ndi malaya a mwamuna wake. Zimene wanena m'Chisena sindizilemba, buku ili angadzaliwerenge ana anga. Amalume afika, ndipo poti lonjezo la kusalengeza linali la pansi pa mtengo pokha, afotokoza zonse za usilikali. Mayi wa ndodo uja wandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kusofiya, wati dziko lili pamavuto.

Sofiya zandisupula. Matuza kuzidendene zonse, lina pachala chachikulu, laphulika kale. Monga dokotala ndikulangiza wodwalayu kuti apumule sabata yathunthu. Monga wodwala ndikuti dokotalayu sadziwa kanthu.

Loweruka

Kuthamanga kulibe. Kuyenda nakonso n'kochita kukambirana.

Masana pansi pa mtengo wa nimu Amayi abweretsa beseni la madzi ofunda a mchere, aviika mapazi anga. Ndapsa mtima. Ndawatchulira zonse: chitenje, milamba, mzere wa pakhonde, nsapato. Ndati mukufuna ndikalephere. Ndimayembekezera kuti akana.

Ati, "Inde." Basi. Apitiriza kutsuka chala.

Ndati koma asilikali ndiwo anatipulumutsa pachulu paja, inu mukulira kuopa madzi. Amalume Zuze anali pambali akumata chubu cha njinga. Aseka mpaka guluu kutayika. "Madzi? Awa? Awa anawoloka Ruo madzi ali m'khosi, ine ndili kumsana."

Sindimadziwa. Ndimadziwa kuti kwathu kwenikweni ndi kutsidya, ku Mozambiki, ndi kuti Amayi anabwera nthawi ya nkhondo. Zimenezo mabanja ambiri kuno amazidziwa za iwo okha, ndipo sazikamba. Sindimadziwa kuti anali kamtsikana kosatha msinkhu. Kuti anthu ovala yunifomu analowa m'mudzi m'mawa, anthu akuphika. Kuti agogo anga anati "thamanga ndi mwana," ndipo awo ndiwo mawu awo omaliza amene Amayi anamva. Anali a mbali iti? Amayi akuti sanaime kuti afunse.

"Tsiku la boti lija sindimaopa madzi ine. Ndimaopa malaya."

Kenako, akupukuta phazi langa ndi chitenje chawo: "Ine ndinathamanga kale, za banja lonse. Ndinathamanga kuti iwe uziyenda. Ndiye udzalowe pakhomo pano utavala zomwezo, ndikuphikire?"

Za kuintavyu ndakonzekera mayankho ambiri, koma la funso limeneli mulibe. Ndangoti mayi wa m'boti uja nayenso anavala zomwezo, ndipo anandigwira dzanja. Amayi ati anamuona. Ati anali ndi manja abwino. Atenga beseni, athira madzi patsinde pa nimu, alowa m'nyumba.

Sabata ino ndapima mapazi a theka la Bangula. Lero ndi pamene ndayang'ana a Amayi. Kachala kakumanzere n'kopindika, kanathyoka kalekale n'kudzilumikiza kokha. Sindinafunse. Ndalira pang'ono m'bafa, ndanamizira sopo.

Nsapato zanga padenga palibe. Zimenezonso sindinafunse.

Lamulungu

Ndikulembera mu minibasi, pabondo, choncho zilembo zikhululukidwe.

Kutchalitchi abusa andipempherera kuti chifuniro cha Mulungu chichitike. Amayi ati Ameni wamphamvu, ine ndati Ameni wamphamvu, aliyense akudziwa chifuniro chimene akutanthauza. A Fulasisiko analipo. Kuchipatala anapita, akumwa mankhwala, ndipo akulandira moni ngati munthu wochokera kutali kwambiri. Mng'ono wawo sakumuyankhula.

Zipatso za sabata:
- njanji ndaifika, panjinga
- mapushapu, theka la imodzi
- maliro, opanda mtembo
- thupi lawonjezera
- nsapato palibe.

Ndalongedza basi, ndavala masilipasi. Amayi sanandiperekeze, ati ali ndi nsomba zoti atembenuze. Lamulungu satembenuza nsomba. Amalume anditula pasiteji osaliza belu. Ndakhala pampando ndikuganiza zokabwereka nsapato ku Blantyre kwa mnzanga wa phazi laling'ono, kapena kungokaima pamzere ndi masilipasi kuti andibweze mwaulemu.

Minibasi yadzaza, yanyamuka. Tisanatuluke mumsika kondakitala wati, "Kuli mayi akuthamanga kumbuyoku." Ndacheuka.

Amayi. Chitenje akwinyira m'mawondo, mpango wagwa, nsapato zanga zili m'khwapa. Moyo wanga wonse sindinawaonepo akuthamanga. Amathamanga bwino! Mutu mowongoka, mapazi osamveka, osapereka moni kwa aliyense. Msika wonse waima chilili. Palibe wawatsatira, palibe wafunsa kuti ndani. Dalaivala sanaime msanga, koma amupeza.

Aponya nsapato pawindo. Mpweya uli bwinobwino. Ati, "Ukadzavala malaya awowo, pofika pamudzi pa anthu uziyenda pang'onopang'ono. Uziyamba moni." Ndathokoza m'Chisena, ndati takhuta, Mama. Ati, "Koma mawa ulephera. Ndakuona mmene umathamangira." Atola mpango wawo, abwerera akuyenda.

Akunena zoona. Mawa ndilephera. Matuza awa sandilola, ndipo ngakhale popanda matuza. Ndikaima pamzere basi, ndikathamanga mmene ndingathere, ndipo akadzaitananso ndidzapitanso.

Nsapato zauma. Zinagona m'dengu la milamba, moti bambo amene wakhala pafupi nane watsegula windo n'kundipempha ndiziike m'chikwama. Ndamuuza kuti pepani. Zili pamiyendo panga mpaka ku Blantyre.